Kadontho Kamodzi ka Seramu

Wallacedene, Kraaifontein
9 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Frackson,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Jessie ndi ana onse ku Bilirako. Ine kuno ndilipo, kungoti mphepo ya ku Cape Town sitopa kugwedeza malata a kachipinda kanga. Kalatayi ndapatsira a Said, aja amanyamula katundu wa Amalawi kuchokera ku Epping, poti munati nkhani za pabanja simuzifuna pa foni chifukwa alamu amatsegula mawu anga pa sipika mudzi wonse n'kumamvera.

Ntchito ya m'nyumba ku Brackenfell ija ndasiya. A Lwitiko, a ku Karonga amene timapemphera nawo, akuchita kafukufuku wa maphunziro apamwamba pa yunivesite ina kuno, ndipo andipezera malo m'labu mwawo. Anauza a Pulofesa awo kuti sanaonepo munthu wotsuka matambula ngati ine. Ndinayamba ndi mabotolo, tsopano andikweza: ndikutsuka maselo.

Musaseke. Maselo ndi tinthu tamoyo tating'onoting'ono timene timapanga thupi la munthu, monga njerwa zimapangira nyumba. Ndi maso chabe simungawaone. Kuno amawaweta m'timbale ta pulasitiki, m'madzi apinki, m'kabati yofunda ngati m'khwapa. Chakudya chawo ndi seramu, madzi achikasu amene amatsala magazi a thole la ng'ombe akaundana. Seramuyo amaisunga m'fuliji yokhoma, ndipo kiyi ndimasunga ndine.

A Lwitiko akufuna kudziwa mapuloteni amene maselowa amatulutsira m'madzi momwe akukhalamo, akuti mwina mmenemo muli chizindikiro cha khansa. Vuto ndi lakuti seramu ndi yodzaza ndi mapuloteni a ng'ombe. Ikangotsalamo, makina oyeza amaona ng'ombe yokhayokha, za maselo zija osazimva n'komwe, ngati kufuna kumva munthu akunong'ona pa Lizulu tsiku la msika. Ndiye ntchito yanga ndi kukhuthula madzi a chakudya aja, kutsuka maselo katatu ndi madzi amchere, kenako kuwathira madzi opanda seramu. Amakhala ndi njala kuyambira folo koloko madzulo mpaka mawa lake mmawa, ndiyeno timatunga madziwo kuti akayezedwe.

Kutsukako sikundivuta. Chikundivuta ndi kumanako. Mmawa ndikawayang'ana pa maikulosikopu amaoneka owonda, ndipo kabati ija ndimaitseka mtima ukundiwawa. Inu mukudziwa chifukwa chake.

Ndamva kuti ng'amba yavuta kumeneko. Mundiuze ngati m'munda mwatsala kanthu.

Mlongo wanu,
Selina


Bilira, Ntcheu
30 Malichi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Dokotala Selina,

Tonse tili bwino kupatula chimanga, chimene chinauma chisanamasule ngayaye. Kalata yako ndinaiwerenga katatu, kachitatu kutchalitchi pa nthawi ya zolengeza. Amayi a chigwirizano analulutira. Ena ayamba kale kundibweretsera madandaulo a misana ndi mawondo kuti ndikutumizire, koma ndawauza kuti adikire uzolowere kaye.

Tsono pa nkhani ya ziweto zakozo wafunsa munthu woyenera. Ine ndinagwira pa dibi losambitsira ng'ombe zaka zisanu ndi zinayi. Palibe chimene munthu angandiuze chokhudza ng'ombe, kaya magazi ake, kaya ndowe zake. Ndipo ndikuuze mosapita m'mbali: a Lwitiko akowo sukulu inawadya chifundo. Chamoyo sachimana chakudya. Ngakhale mkaidi kundende amadya kamodzi pa tsiku. Chiweto chanjala chingakuuze zoona? Chimangokuuza za njala yakeyo basi.

Iwe uchite chonchi. Kiyi uli nayo. Bwanayo akatembenuka, dontheza kadontho kamodzi ka seramu m'kambale kalikonse. Kamodzi kokha. Makina angadziwe bwanji kadontho? Ife pa dibi tinkathira mankhwala theka, ndipo bwana wochokera ku boma ankabwera, kununkhiza madzi, kusaina, n'kumapita ndi nkhuku. Makina sangapose munthu wa tayi.

Usaiwale zimene unanena pamanda paja. Ine sindinaiwale.

Unditumizire majombo, sayizi nayini, ndi botolo limodzi la seramuyo. Ndikufuna ndiyesere ng'ombe yanga ija ndimaitcha Boma, chifukwa kudya imadya kwambiri koma mkaka wake sitinauonebe.

Ndine mkulu wa banja,
Frackson


Wallacedene
20 Epulo 2024

Achimwene,

Moni nonse. Udokotala mwandipatsawo mubweze kutchalitchi komweko, ine ndine wotsuka. Majombo ndagula, a Said abweretsa. Seramu iyayi, imafuna fuliji, ikanafika pa Tete itasasa kale.

Ndachita monga munanenera. A Lwitiko akavula magolovesi n'kupita ku ofesi, ine ndimatsala ndikupukuta matebulo. Pamenepo ndimatsegula fuliji ndi kudontheza kadontho kamodzi m'kambale kalikonse. Achimwene, mukanawaona mmawa mwake! Onenepa, osalala, okhutira ngati ana a mphunzitsi. A Lwitiko anayang'ana pa maikulosikopu n'kunena kuti chiyambire sanaonepo maselo opirira njala chonchi, ndipo anaitana a Pulofesa kuti adzaone. A Pulofesa anandigwira chanza, akuti manja anga ndi odala. Ndinangoyang'ana pansi, koma mumtima ndinali kuyamika dibi la ku Bilira.

Madzi aja tatumiza kale kokayeza. Makinawo ndi amodzi yunivesite yonse, mzere wake umaposa wa feteleza, ndiye zotsatira zidzatuluka pakapita milungu itatu. Tsopano ndikugona tulo tabwino.

Selina


Bilira
12 Meyi 2024

Dokotala Selina,

Tili bwino. Majombo afika ndipo ndinavala Lamulungu ngakhale kunja kunali kouma.

Waona tsono? Nzeru sizikhala m'mabuku mokha. Ngati kadontho kamodzi kakondweretsa Pulofesa, awiri adzamuvinitsa. Wonjezera. Loweruka uziika atatu poti Lamulungu sulowa ntchito. Ndauza abusa kuti kafukufuku wa khansa ku South Africa akuyenda ndi uphungu wochokera m'nyumba muno, ndipo andiika m'komiti ya zaumoyo. Akamalemba bukulo asaiwale dzina langa, Frackson wa ck.

Mkulu wako


Wallacedene
25 Meyi 2024

Achimwene,

Moni. Yankho la kalata yanga ya Epulo sindinalandire, akuti galimoto ya a Said yakhala pa Beitbridge chifukwa cha mapepala. Iyi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akukwera basi mawa. Chonde musaiwerenge pa zolengeza.

Zinthu zaipa. Zotsatira zinabwera, ndipo makina akuti pa magawo khumi, asanu ndi anayi ndi ng'ombe. Kambale kachiwiri, ng'ombe. Kachitatu, ng'ombe. Mnzawo wina wa m'labu anafunsa a Lwitiko ngati akufufuza khansa kapena akutsegula butchala. Poyamba ndinadzilimbitsa mtima kuti si ine, kadontho kangatani? Koma pa msonkhano a Lwitiko anajambula pa bolodi kusonyeza kuti kadontho kamodzi ka seramu kali ndi mapuloteni ochuluka kuposa onse amene maselo a m'kambale angatulutse tsiku lathunthu. Makina aja, achimwene, salandira nkhuku.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya. Koma zasokonekera kwina. A Pulofesa anakhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi mmodzi yofufuza kumene ng'ombe ikulowera. Komitiyo imakumana Lachiwiri lililonse, ndipo tiyi wake ndimaphika ndine. Alembera kalata yaukali kampani yogulitsa madzi amchere. Agula kasefa kapadera kochotsera mapuloteni a ng'ombe, koma kakuchotsa ndi a maselo omwe. Amata pakhoma chithunzi cha manja chosonyeza katsukidwe koyenera. Sabata yatha anatiitanira katswiri wa kutsidya kwa nyanja pa kompyuta kuti atiphunzitse kutsuka. Ine, amene ndinayamba kutsuka mbale ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakhala maola awiri ndikulemba manotsi.

Onse akuganiza kuti vuto ndi kusatsuka mokwanira. Wina anati mwina wotsukayo ndi waulesi, amuchotse. A Lwitiko anaimirira n'kunena kuti anandionerera ndikutsuka ndipo palibe cholakwa, ngati pali wolakwa ndi iwowo. Kuti anditeteze, atenga ntchito yotsukayo okha. Tsono poopa ng'ombe akutsuka kasanu ndi kawiri, mwamphamvu ngati akuchapa bulangete, ndipo maselo akumatuka m'timbale n'kupita ndi madzi. Kale tinkapeza ng'ombe, tsopano sitikupeza kanthu.

A Pulofesa anena kuti pofika pa 30 Juni pakapanda zotsatira zoyera, thandizo la maphunziro la a Lwitiko latha, abwerera ku Karonga chimanjamanja atakhala kuno zaka zinayi. Munthuyo wawonda kuposa maselo ake. Ndikangowauza zoona asiya kutsuka mopitiriza muyeso ndipo zonse zikhala bwino, koma ine ntchito yanga ithera pomwepo, ndi manyazi kutchalitchi. Ndikakhala chete, apita ndi iwo. Ndichite chiyani? Yankhani msanga.

Selina


Bilira
10 Juni 2024

Alamu a Selina,

Ndine Jessie. Ndalemba papepala koma ndajambula pa foni kuti ifike lero lomwe. Za a Said ndi za achimwene anu, ine sindidikira galimoto.

Ana ali bwino. Kalata yanu ndaipeza m'jombo, mmene anaibisa. Ndinadabwa kuona kalata yochokera ku Cape Town osailengeza kutchalitchi, ndiye ndinadziwa kuti muli nkhani. Akhala nayo sabata yathunthu, akuti akuganizira yankho la ukatswiri. Zengerezu analinda kwawukwawu, alamu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Pa dibi paja ntchito ya amuna anga inali yotsegula geti ndi kuwerenga michira. Jekeseni sanagwirepo. Boma yomweyi ikadwala timaitana munthu wina. Inu munamvera bwanji munthu amene mankhwala a nkhupakupa anathira nkhuku zanga zonse n'kufa?

Kaululeni mawa mmawa. Mwana wa eni asabwerere ku Karonga chifukwa cha nzeru za m'nyumba muno. Ntchito ikatha mudzapeza ina, manja muli nawo. Koma mlandu suola, mudzayenda nawo mpaka ku ukalamba.

Chinanso. Musawakalipire kwambiri. Chiwerengereni kalata yanu sakudya bwino. Ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndipo sindinamvetsebe: agalu a eni amadyetsa ndi iwo, wamisala wa pa sitolo amadya kwathu, Boma yatimalizira madeya m'chaka cha njala ngati chino. Mwana akasiya chakudya m'mbale, iwo amamunyengerera mpaka amalize. Ndipo mwezi wa Febuluwale ukafika amasiya nthabwala zonse. Ine sindifunsa. Mwina inu mukudziwa.

Mlamu wanu,
Jessie


Wallacedene
6 Julayi 2024

Achimwene ndi alamu,

Moni nonse, ndi ana. Ndinachita zimene alamu ananena.

Ndinawapeza a Lwitiko ali pa maikulosikopu, akuyang'ana kambale kopanda kanthu. Ndinayika kiyi ya fuliji patebulo n'kuwauza zonse, kuyambira kadontho koyamba. Kenako anakhala pansi penipeni, pa simenti, atavala khoti loyera lija, n'kuyamba kuseka. Kusekako sikunathere bwino.

"Asisi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndinkawamvera chisoni maselowo."

"Ine simunandimvere?"



Tinapita kwa a Pulofesa. Anafunsa kuti munthu wamkulu angachitirenji zotere. Ndinawauza za njala ya 2002, ine ndili ndi zaka khumi, inu khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinawauza za mng'ono wathu Tione, wa zaka zinayi, mmene anatupira miyendo n'kumwalira mu Febuluwale, ndi mmene ndinalumbirira pamanda pake kuti chamoyo chilichonse chimene chidzakhale m'manja mwanga sichidzagona ndi njala. A Pulofesa anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Atatero anatenga kiyi ija n'kuiika m'thumba mwawo.

Kundichotsa sanandichotse, ndipo musaganize kuti ndi chifundo chokha. Komiti inali itasindikiza kale lipoti la masamba makumi atatu lonena kuti vuto lapezeka ndipo lathetsedwa ndi ndondomeko yatsopano ya komitiyo. Kundichotsa kukanafuna lipoti lina lofotokoza kuti anthu asanu ndi mmodzi a madigiri anakhala mwezi akumwa tiyi wa wolakwayo. Ndiye mwalamulo ng'ombe inathamangitsidwa ndi chithunzi cha pakhoma chija.

Chilango changa ndi chakuti kumana maselo chakudya ndi ntchito yanga ndekha tsopano, ndipo ndimasaina. Koma a Lwitiko anandionetsa chinthu chimene ndikanakonda akanandionetsa mu Malichi. Pali mankhwala abuluu amene amalowa m'maselo akufa okha. Tinathira mwa aja anagona ndi njala, ndipo ndinawerenga ndekha: pa maselo zana, abuluu anali atatu. Enawo anali amoyo. Kuwonda kuja si imfa, akapatsidwa chakudya amabwerera mwakale.

Kutsuka anandibwezera. Ndimapendeketsa kambale, madzi ndimathira cha m'mbali kuti atsike okha pang'onopang'ono monga ndinkachitira ndi matambula a madamu ku Brackenfell, ndipo kadontho kotsalira pakona ndimakoka konse ndisanathire ena. Katatu basi. Palibe selo limene linamatuka. A Pulofesa anapempha malo pa mzere wa makina, ndipo zotsatira zinafika pa 28 Juni. Ng'ombe inatsala pang'ono zedi, ndipo mapuloteni a maselo anaoneka mazanamazana. A Lwitiko sakupita ku Karonga.

Koma miyezi itatu yawo ndinawadyera ine, ndipo akudziwa. Tsopano amandiyankhula Chingerezi chokhachokha, mwaulemu kwambiri, ngati mlendo. Kutchalitchi anasintha benchi. Ndikanakonda akanandilalatira.

Kalata yanu ya 12 Meyi, achimwene, inafika tsiku lotsatira nditaulula. A Said anapepesa chifukwa chochedwa, ine ndinawathokoza. Madontho atatu Loweruka! Dzina lanu m'bukumo mulibe, ndipo muthokoze Mulungu.

Mlongo wanu,
Selina


Bilira
28 Julayi 2024

Selina,

Tili bwino. Boma ili ndi bere, ndiye mwina nayonso inkangofuna nthawi.

Ndakondwa kuti zatha bwino. Ukaganiza bwinobwino, popanda uphungu wanga sakanadziwa kuti makina awo ndi amphamvu chonchi, ndipo ndinali kuganiza zokafotokoza zimenezi ku komiti ya zaumoyo. Koma ndatulukamo m'komitimo. Ndauzanso abusa kuti si iwe dokotala. A misana aja ndawabwezera mapepala awo.

Kalata iyi Jessie asaione. Ndaiyamba kanayi.

Iwe unauza a Pulofesa ako za Tione monga ukudziwira. Pali china chimene sudziwa. Sabata yomaliza ija, amayi ankapita nawe kukagwira ganyu ku madimba a ku Bwanje, ine ankandisiya kunyumba kuti ndimuyang'anire. Ankasiya phala la gaga m'kambale kachitsulo kaja, akuti ndimudyetse dzuwa likafika pamutu. Tsiku loyamba ndinati ndingolawa. Ndinamaliza lonse. Ndinatsuka kambale, ndipo mutabwera ndinati wadya. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Iye sananene kanthu kwa amayi. Ankangondiyang'ana ndikudya. Lachinayi ndinamutengera kambale kodzaza, ndinamupempha, koma sanathenso kumeza.

Pamanda paja iwe unalumbira mokweza, anthu n'kumati kamwana aka kali ndi mtima. Ine ndinaima kumbuyo kwako mimba ili ndi phala lake. Utalemba kuti ukumana tinthu tamoyo chakudya, sindinaone maselo ayi, ndipo za dibi zija ndinangonena. Iwe sunamanepo munthu, mlongo wanga. Gwira ntchito yakoyo ndi mtima umodzi, ndipo a Lwitiko uwauze kuti kadontho kanachokera ku Bilira, Chingerezi chawocho azindiyankhula ine.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo si majombo. Anthu akowo amadziwa kuwerenga chamoyo ndi chakufa, amadziwa kuti njala ya maola angati ndi imene sipha. Tsiku lina akadzayambiranso kukuyankhula Chichewa, uwafunse: mwana wa zaka zinayi, wotupa kale miyendo, mbale zitatu za phala la gaga zikanamusunga mpaka chimanga chiche? Usawauze kuti wafunsa ndani. Ndipo chimene adzanene undilembere momwemo, usadonthezeremo kanthu kondikomera.

Yankho lake usatumize pa foni. Upatsire a Said. Ngakhale galimoto ikakhale pa Beitbridge mwezi wathunthu, ndidikira.

Mchimwene wako,
Frackson